Munda Ausosa Mvula Isanagwe

Ulaliki wa pa wailesi, Lamulungu la Mishoni



Tili m'mwezi wa Okutobala, mwezi wa dzuŵa loswa mtengo. Tchire lapsa, mitsinje yambiri yaphwa, ndipo munthu akhumba mthunzi kuposa nsima. Komabe aliyense wodziŵa ulimi adziŵa kuti ino ndiyo nyengo ya ntchito yaikulu. Wanzeru alaŵirira mbandakucha khasu lili paphewa, asosa, aunga mizere, asankha mbeu yake naisunga pouma. M'mundamo mulibe chomera nchimodzi chomwe, ndipo mlendo wodutsa pamseu angathe kunena kuti anthu aŵa akungovutitsa fumbi. Koma chizimalupsa chikadutsa, mvula yobzalira nkugwa usiku umodzi, mpamene timadziŵa amene adakonzeka ndi amene adatha mwezi wonse pa bawo. Wina aloŵa m'munda ndi mbeu, mnzake ndiye ayamba kufunsa kumene kudapita khasu lake. Makolo athu adati chikumbutsa nkhwangwa nchisanu.

M'mwezi womwewu Mpingo pa dziko lonse lapansi ukumbukira ntchito ya Mishoni, ndipo Lamulungu lino adalikhazikitsa Papa Pius XI m'chaka cha 1926. Kaŵirikaŵiri tikamva mau akuti mishoni timaganiza za ulendo, za munthu amene wamanga katundu, watsazika abale, waoloka nyanja. Lero tifuna tiyang'ane mbali ya ntchito ya Mulungu imene ifanana ndi kusosa kwa mu Okutobala, mbali imene palibe amaiombera m'manja, ndiyo kukonzekera.

Tamverani m'mene Marko woyera afotokozera kusankhidwa kwa Apostoli m'mutu wachitatu wa Mthenga Wabwino wake. Ambuye Yesu adakwera phiri, naitana amene Iye mwini adaŵafuna, napatulapo khumi ndi aŵiri. Marko apereka zifukwa ziŵiri za kusankhako, ndipo tisamale chimene chili patsogolo. Choyamba nchakuti anthuwo azikhala pamodzi ndi Iye. Chachiŵiri nchakuti adzaŵatume kukalalika. Ife timakonda kuyambira pa chachiŵiricho. Tifuna kutumidwa tisanakhale naye, kuphunzitsa tisanamvere, kutsogolera tisanatsate.

Nanga kukhala nayeko kudali kutani? Kudali kuyenda naye m'fumbi la ku Galileya, kudya naye m'mbale imodzi, kuona m'mene ankakhudzira wakhate, m'mene ankalandirira ana amene iwo ankafuna kuŵapirikitsa, kumpeza mbandakucha ali yekha kwa yekha akupemphera. Kudalinso kudzudzulidwa. Petro adadzudzulidwa koŵaŵa pamene adafuna kuletsa Ambuye njira ya mtanda. Yakobe ndi Yohane adadzudzulidwa pamene ankapempha mipando yaulemu. Ndipo ngakhale atauka kwa akufa, Ambuye sadaŵalole kunyamuka tsiku lomwelo. Adaŵalamula kuti abakhala mu Yerusalemu mpaka atalandira Mzimu Woyera.

Ambuye eni ake adayenda njira yomweyo. Luka woyera atiuza kuti adali ndi zaka ngati 30 pamene adayamba ntchito yao poyera. Zaka zonse zam'mbuyozo Mwana wa Mulungu adali ku Nazarete, kamudzi kosatchuka, akupala matabwa, akumvera Maria ndi Yosefe, pomwe ntchito yolalika idangotenga zaka ngati zitatu. Tikadakhala ife alangizi ake, bwenzi titamuuza kuti akutaya nthaŵi. Mose Mulungu adampeza akuŵeta nkhosa za mpongozi wake ku Midiyani. Davide adakamtenga kubusa. Paulo atatembenuka mtima adapita ku Arabiya, ndipo padapita zaka zitatu asanakaonane ndi Petro ku Yerusalemu.

Koma tiyeni tisendere pafupi ndi masiku athu ano, tipite kumpoto kwa dziko la Uganda, pakati pa anthu a mtundu wa Acholi. Ambiri a ife tidziŵa za Karoli Lwanga ndi anzake, amene adatenthedwa ku Namugongo m'chaka cha 1886. Oŵerengeka okha ndiwo adamva za anyamata ena aŵiri a m'dziko lomwelo, amene adaphedwa patapita zaka 32, ndipo onse aŵiri adali akatekisiti. Maina ao ndi Daudi Okelo ndi Jildo Irwa.

Daudi adabadwa cha m'ma 1902, Jildo cha m'ma 1906, onse kwa makolo amene sadali akhristu. Adaphunzira katekisimu ku mishoni ya Kitgum, kumene kudali ansembe a chipani cha Comboni. Bambo Cesare Gambaretto adaŵabatiza mu Juni 1916, ndipo adalandira Ulimbitso mu Okutobala chaka chomwecho. Kuchiyambi kwa 1917 katekisiti wa ku Paimol, dzina lake Antonio, adamwalira. Ku Paimol kudali kutali, makilomita ngati 80 kuchokera ku Kitgum, ulendo wapansi. Daudi adapita kwa bambo mfumu nadzipereka kuti akaloŵe m'malo mwa malemuyo.

Apa tcherani khutu. Sadamtume msanga ai. Chilolezo chidabwera chakumapeto kwa chakacho, pa msonkhano wa akatekisiti umene unkachitika mwezi ndi mwezi. Miyezi yambiri idadutsa mnyamata wa mtima woyaka akudikira. Tonse tidziŵa chimene ambiri a ife tikadachita: tikadafufuma, tikadayamba kunong'ona kuti bambo mfumu ali ndi tsankho, kenaka nkuleka kuoneka ku misonkhano. Daudi pamene adamuitana adampeza ali pomwepo, mtima wake usanasinthe. Adampatsa Jildo, mwana wa zaka ngati 12, kuti akhale womthandiza. Wansembe sadaŵabisire kanthu. Adaŵauza za kutalika kwa njira, za ndeu za pakati pa anthu a kumeneko, ndi za achifwamba ndi ogula akapolo amene ankasokoneza dera lonselo. Akuti Daudi adayankha kuti imfa saiwopa, popeza Yesu nayenso adatifera. Katekisiti wamkulu wa ku Kitgum adaŵaperekeza, naŵasiya kumeneko.

Ntchito yao ya tsiku ndi tsiku idali iyi. Mbandakucha Daudi ankaimba ng'oma kuitanira ophunzira ku mapemphero a m'maŵa. Ankaŵaphunzitsa mapemphero, ndi mafunso ndi mayankho a katekisimu, akubwerezabwereza mokhala ngati nyimbo kuti aloŵeze msanga. Masana ankayendera midzi yapafupi, kumene ana ambiri adali kubusa kapena kumunda ndi makolo ao. Jildo, mwana wansangala, ankakopa ana anzake ndi maseŵera kuti abwere ku maphunziro. Dzuŵa likamaloŵa ankasonkhananso kupemphera Korona, ndipo Lamulungu mapemphero ankatalikirapo. Basi, ntchito yake idali yomweyo, lero ndi maŵa, pafupifupi chaka chathunthu.

Pakati pa 18 ndi 20 Okutobala 1918, kusanache, anthu a mikondo adafika pa kanyumba kao. Mkulu wina wa m'mudzimo adayesa kuŵaletsa, ponena kuti anyamatawo ndi alendo ake, koma Daudi adatulukira pakhomo nampempha mkuluyo kuti asaloŵererepo. Adamkokera kunja nambaya. Jildo adaŵauza kuti iwo aŵiri ankaphunzitsa limodzi mau a Mulungu, ndipo ngati mlandu wake ndi umenewo, amuphe nayenso. Adamuphadi. Mafupa ao adakaŵatenga m'chaka cha 1926 naŵaika m'tchalitchi cha ku Kitgum, ndipo malo amene adaferawo atchedwa Wi-Polo, kutanthauza kuti kumwamba. Papa Yohane Paulo Wachiŵiri adaŵalemba m'gulu la Odala pa 20 Okutobala 2002, tsiku limene lidali Lamulungu la Mishoni ngati lero.

Anthu akamva nkhani imeneyi mtima wao umagwidwa ndi mikondo. Ife chotigwira mtima ndi ng'oma ija. Mnyamata amene sadathaŵe usiku wa mikondo ndi yemwe uja amene ankadzuka m'maŵa uliwonse kukaimba ng'oma, kaya kubwera ana ambiri kaya oŵerengeka, kutali ndi maso a wansembe, popanda womuŵerengera masiku. Kulimba mtima kwa tsiku lotsiriza sikudagwe mwadzidzidzi ngati matalala. Kudakula m'miyezi yodikira ija ndi m'mbandakucha uliwonse wa ku Paimol. Ambuye adatiphunzitsa, m'mutu 16 wa Luka, kuti pa zinthu zazing'ono mpamene adziŵikira munthu amene angathe kusungizidwa zazikulu.

Nkhani ya anyamata aŵa siyachilendo kwa ife kuno kwathu. Ansembe a chipani cha Montfort atafika ku Nzama m'chaka cha 1901, ndi a chipani cha White Fathers ku Mua m'chaka cha 1902, adali anthu oŵerengeka pa zala. Wansembe woyamba wa dziko lino, Bambo Cornelio Chitsulo, adadzozedwa m'chaka cha 1937. Nanga zaka zonse zapakatipo, ndi zambiri zotsatira, adafikitsa chikhulupiriro m'midzi ya agogo athu ndani? Adali aphunzitsi a m'masukulu a kumudzi ndi akatekisiti, anthu amene maina ao ambiri sadalembedwe pa mwala uliwonse. Mpaka lero parishi imodzi ikhala ndi matchalitchi ambiri a kumudzi, ndipo wansembe sangafike konse Lamulungu lililonse. Wotsogolera mapemphero, wokonzekeretsa anthu ku masakramenti, woimirira pa manda, woyanjanitsa banja limene lagwedezeka, ndi katekisiti. Nchifukwa chake Msonkhano Waukulu Wachiŵiri wa ku Vatican, m'chikalata chake cha za Mishoni cha m'chaka cha 1965, udatamanda akatekisiti nupempha kuti aziphunzitsidwa mokwanira. Ndipo malemu Papa Francisco, pa 10 Meyi 2021, adakhazikitsa ukatekisiti kuti ukhale utumiki wokhazikika wa akhristu eni ake mu Mpingo, nanena kuti oulandira akhale amuna ndi akazi a chikhulupiriro chozama, okhwima maganizo, ndi ophunzitsidwa bwino za Malembo Oyera ndi za kaphunzitsidwe.

Tsono inu akatekisiti athu, tilankhule nanu mwaulemu wonse, monga antchito anzathu a m'munda umodzi. Kukonzekera kwanu sikudathe tsiku limene mudatsiriza maphunziro. Mau a Mulungu a Lamulungu likudzalo muyambe kuŵaŵerenga Lolemba, muŵasinkhesinkhe popalira ndi popalasa njinga, kuti pofika Loŵeruka akhale atayamba akulasani inu eni ake. Munthu amene aona maŵerengo koyamba ataima kale pamaso pa anthu, akhristu amamdziŵa. Sanena kanthu, chifukwa anthu athu ngaulemu, koma amadziŵa. Amaona m'mene akuzungulirazungulira, m'mene akuthaŵira ku nkhani ya mtulo ndi ya kavalidwe ka atsikana chifukwa za m'bukumo alibe nazo mau. Msonkhano wa pamwezi ndi m'bindikiro wa pachaka musaziyese zokutayitsani nthaŵi. Kumbukirani kuti Daudi adalandira ntchito yake ali pa msonkhano wotere. Ndipo koposa zonse, pempherani pa inu nokha, muyandikire Sakramenti la Kulapa monga muuzira ena. Chitsime chimene anthu angotunga, kasupe wake atatsekeka, posachedwa chipereka matope.

Palinso kukhulupirika kwa pa ndalama, kumene sitingakulumphe. Chopereka cha Lamulungu, mtulo, ndalama za pa maliro, zonsezi zilembedwe, ziŵerengedwe pamaso pa anthu aŵiri kapena atatu, zilengezedwe poyera. Ambiri amene adagwa pamenepa sadayambe ndi mtima wakuba. Adayamba ndi kubwereka pang'ono mwana atadwala, akuti adzabweza akagulitsa fodya. Mpingo wa pamudzi ukataya chikhulupiriro mwa mtsogoleri wake pa nkhani ya ndalama, pamapita zaka kuti anthu amverenso ulaliki wake ndi mtima woyera.

Koma pasakhale womvera amene anganene kuti lero alalikira akatekisiti okha. Aliyense wobatizidwa ali ndi ntchito imene Mulungu adampatsa, ndipo kwa ambiri a ife ntchito yoyamba ndi banja. Taonani m'mene timakonzekerera ukwati masiku ano. Miyezi isanu ndi umodzi makomiti akukhala pansi kukambirana za zovala, za magalimoto, za mpunga ndi nkhuku, za amene adzaimbe. Koma bambo mfumu akati akwati abwere ku maphunziro a ukwati masabata angapo, madandaulo ali tho, akuti Mpingo uvutitsa. Phwando litha tsiku limodzi dzuŵa lisanaloŵe, pomwe banja liyenera kupirira mpaka imfa, kudutsa m'njala, m'matenda, m'kusoŵa mphatso ya ana, m'mau a achibale. Chimene chitha tsiku limodzi tichikonzekera miyezi, chimene chikhala moyo wonse tifuna kuchiloŵa mothamanga. Chimodzimodzi amene avomera kuimirira mwana pa Ubatizo, nasoŵa atangodya mpunga wa tsikulo, osadzafunsanso ngati mwanayo adziŵa chizindikiro cha mtanda.

Inu makolo, taganizani za Jildo. Makolo ake sadali akhristu, komabe pa zaka 12 adali wokhoza kuthandiza kuphunzitsa ena za Mulungu. Ana athu ali ndi bambo ndi mai obatizidwa, nanga adziŵa chiyani? M'mera mpoyamba. Ansembe, masisitere ndi akatekisiti a maŵa ali m'nyumba zanu lero lino, akudya nsima yanu, akumva m'mene mulankhulirana, akuona ngati mupemphera musanagone. Seminale yoyamba ndi mphasa ya pakhomo panu. Mwana amene mwamphunzitsa kubweza chenji yonse mukamtuma kumsika, kutsiriza mzere umene wauyamba, kupepesa akalakwa, mwayamba kale kumkonzekeretsa ntchito imene Mulungu adzamuitanira, ingakhale ya unamwino, ya uphunzitsi, ya mu ofesi kapena ya pa guwa.

Tichenjezepo mbali inanso, chifukwa mau akuti kukonzekera ena amabisalamo. Alipo akhristu amene akhala akukonzekera zaka makumi aŵiri. Mukaŵapempha kuti aŵerenge mau mu mphakati, ati sindinakonzeke. Mukaŵapempha kuti akaone wodwala, ati ine sindidziŵa kupemphera bwino. Mose nayenso adadandaula kuti lilime lake nlolemera, Yeremiya adati akali mwana, ndipo Mulungu sadalandire zifukwa zimenezo. Kukonzekera sikutanthauza kudikira tsiku limene tidzakhale opanda chilema, chifukwa tsiku limenelo silidzafika pansi pano. Daudi adali atabatizidwa miyezi yoŵerengeka chabe pamene adadzipereka. Chimene adadziŵa chidali chochepa, koma adachidziŵa ndi mtima wonse, ndipo adalola kuti Mpingo ndiwo unene nthaŵi yomtuma. Mlimi sakhala chaka chonse akunola khasu. Anola, kenaka aloŵa m'munda, ndipo khasulo liŵala chifukwa cha kulima.

Ena vuto lao ndi lina: ntchito aifuna, koma chimene akufunadi ndi mpando. Nthaŵi ya masankho a komiti ya tchalitchi ikafika, mumaona anthu amene sanaonekepo pa ntchito youmba njerwa akuyendayenda m'makomo. Akasankhidwa, chaka choyamba ali patsogolo. Akapanda kusankhidwa, ngakhale ku Misa aleka. Ena agwira ntchito ya Mulungu ndi dzanja limodzi, dzanja lina lili kwina, Lamulungu ku kwaya, usiku kwa woombeza. Mapanga aŵiri avumbwitsa. Paulo woyera, polembera akhristu a ku Korinto, adati chimene chifunika kwa munthu wosungizidwa za mwini ndi kukhulupirika. Sadatchule kutchuka kapena kuchenjera pakamwa.

Tidziŵa kuti ambiri a inu amene mukutimvera mwatopa. Pali mai amene wasesa tchalitchi Loŵeruka lililonse zaka zambiri, dzina lake osatchulidwapo nkamodzi komwe. Pali bambo amene aphunzitsa ana a Tilitonse pansi pa mtengo, makolo ao osamthokoza. Pali mkazi amene asamala mwamuna wodwala chaka chachitatu tsopano, achibale ataleka kubwera. Pali katekisiti amene wapalasa njinga mtunda wautali kukaika maliro, pobwera nkumva kuti akumnena. Mikondo ya ku Paimol mwina sitidzaiwona, koma kusayamikidwa nako kumalasa, ndipo kwagwetsa antchito ambiri abwino. Kwa inu tilibe mau ena oposa aŵa: ntchito imeneyo sadakupatseni ndi anthu, ndipo amene adakupatsaniyo aona zobisika. Mukatopa, bwererani ku chifukwa choyamba chija cha Marko woyera. Khalani naye pang'ono, pamaso pa Ukaristia ngati tchalitchi chili pafupi, kapena ndi Korona m'manja pakhonde panu. Apostoli atabwerako ku ulendo wao woyamba, Ambuye adaŵatengera kwa okha kuti akapumule.

Tsopano mau otsiriza apite kwa miphakati ndi malimana onse. Chikalata cha 1965 chija, potamanda akatekisiti, chidanenanso kuti amene adzipereka kotheratu pa ntchitoyi azilandira zokwanira kuti akhale moyo woyenera. Katekisiti wanu ali ndi banja, ana ake afuna fizi ndi sopo monga anu. Masiku amene inu muli m'munda mwanu, iye ali ku maliro a m'bale wanu kapena akuphunzitsa ana anu. Tafunsani sabata lino pa msonkhano wanu: kodi munda wa akatekisiti athu wasosedwa? Mizere yaungidwa? Mbeu ali nayo? Matayala a njinga yao ali bwanji? Ngati yankho lake likuchititsani manyazi, panganani tsiku mvula isanagwe, aliyense atenge khasu lake, amai aphike thobwa, mukaloŵe m'mundamo m'maŵa dzuŵa lisanakwere. Anthu makumi aŵiri atha ntchito imeneyo nthaŵi ya nkhomaliro isanakwane. Ndipo m'chopereka cha lero, chimene chipita kukathandiza ntchito za Mishoni pa dziko lonse, muikemo ndi mtima womwewo.

Odala Daudi Okelo ndi Jildo Irwa, mutipempherere ife. Mulungu Wamphamvuzonse akudalitseni nonse, Atate ndi Mwana ndi Mzimu Woyera. Amen.